Changa ndi mwala wa apongozi ake

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, otsalawo atipeza m'njira.

Padali Changa, mnyamata wa maso aakulu ndi timanja tating'ono, amene adakwatira kwa a Mbira nakhala komweko chikamwini. Mkazi wake adali Ndaziona, ndipo awiriwa ankakondana zenizeni, osati zoonetsa anthu. Chilema cha Changa chidali tulo ta usana. Anzake akamanyamula makasu iye ankakoka chofunda, akamabwerako iye ankayasamula n'kufunsa ngati ndiwo zapsa. Ndaziona ankangoseka, koma amayi ake sankaseka nawo.

Amayi akewo, Nankhoma, ndiwo adali eni mwala wa mafuta. Mwala umenewu udali ndi mafuta m'kati mwake, ndipo nyama zonse zinkabwera kudzapempha odzola kuti zisatuwe mwera ukayamba kuwomba. Katapidwe kake kadali kotere: mwalawo udali ndi zibowo ziwiri, china pamwamba, china m'munsi. Njovu, amene adalembedwa ganyu, ankatunga madzi kumtsinje ndi chitamba nawapopera m'chibowo cha pamwamba. Madziwo ankayenda m'kati nakankha mafuta mpaka kutulukira m'munsi, kumene Nyani, kapitawo wa ntchitoyo, ankatchera mitsuko.

Changa ndi Nankhoma adali asanalankhulanepo chikwatirire, pakuti mwambo wa chipongozi sulola kuti mkamwini ndi apongozi ake aonane maso. Choncho Changa akamayandikira pamene pali apongozi, ankayimba kanyimbo kochenjeza, konena kuti mkamwini ali m'njira, mwini njira apatuke. Nankhoma akangokamva ankatembenuka, nafunda nsalu kumutu mpaka nyimboyo itazilala. Changa ankaukonda mwambo umenewu kuposa miyambo yonse, chifukwa munthu amene sangakuyang'ane sangakudzutsenso. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Chaka china mafuta adayamba kuchepa. Mtsuko unkadzaza madzi, mafuta n'kungoyandama timadontho pamwamba.

"Madzi akuchepa, a Njovu," adatero Nyani. "Onjezerani."

Njovu adaonjezera, ndipo m'munsi mudatuluka madzi ochuluka kuposa kale.

"Ndiye kuti akuthawa msanga. Nditseka kunoku kuti akhalitse m'kati."

Nyani adamata chibowo cha m'munsi ndi dothi, naika khutu pomwepo kuti amve ngati mafuta akubwera. Njovu atapopa, dothi lija lidaphulika pamodzi ndi zibenthu za mwala, n'kumuthira kumaso, ndipo kapitawo adapita kumtsinje kukasamba.

Tsiku lomwelo Nankhoma adaitana mwana wake.

"Iwe Ndaziona, mwala wauma. Pakhomo pano sipangakhalenso pakamwa pongodya. Ukawauze amuna akowo kuti mwera usanawombe andibweretsere mtsuko wa mafuta. Akalephera apinde mphasa yawo azipita kwawo."

"Amayi, ndimawakonda."

"Nanenso ndinkawakonda bambo ako, koma ankalima. Mkamwini ndi mlamba, mwana wanga, sachedwa kuterereka."

Ndaziona adafika kunyumba misozi ili m'maso. Changa atamva uthengawo tulo tidamuthera, ndipo anthu adamuona koyamba akuyenda dzuwa lili pamutu, akuphethira ngati wathiridwa tsabola. Adakwera pamwala, naponya makoko a mtedza m'chibowo pamene Njovu ankapopa, kenaka adadumphira pansi. Adapeza makoko aja atafika kale, akuzungulira mumtsuko wa Nyani. Adatola chibenthu chimodzi mwa zimene zidaphulika, nachinyambita, nathamangira nacho kwa mkazi wake.

"Talawa apa."

"Ndi mafuta," adatero Ndaziona. "Nanga amayi akuti mwala wauma?"

"Sunaume. Taona chibenthuchi: uku kuli mng'alu woti chala n'kulowa, uku kuli timabowo toti ngakhale nyerere ingavule malaya polowa. Mwala wonse uli choncho. Madzi adatsuka mng'alu waukulu kalekale, tsopano ndi msewu wawo. Mafuta atsala m'tinjira tating'onoti, ndipo palibe akuwakankha."

"Mwadziwa bwanji zimenezi, inu ogona?"

"Madzi ndi abale anga, ndi aulesi ngati ine. Wandionapo ndikudutsa paminga msewu ulipo? Madzi saiwala khwawa."

"Tsekani khwawalo."

"Lili m'kati, dzanja silifikako. Pakufunika chinthu cholowa chili chaching'ono, chikakulire komweko."

Atanena zimenezo adagwira pamimba pake, chifukwa adakumbuka tsiku limene adadya utomoni wouma wa mtengo wa mgoza n'kumwera madzi. Utomoni wa mthethe umasungunuka, koma wa mgoza umafufuma, ndipo tsiku lija mimba yake idafufuma mpaka adakanika pakhomo la mphako.

Koma ulesi sutha tsiku limodzi. M'malo moudula utomoniwo, Changa adangokanda chibuluma chimodzi chachikulu, nachikankhira m'chibowo cha pamwamba Njovu ali kumtsinje. Chibulumacho chidakakamira pakamwa penipeni pa chibowocho. Njovu atapopa, madzi onse adabwerera, nakagwera Nankhoma amene ankadutsa atasenza dengu la ufa.

Nankhoma adachotsa chibulumacho ndi mtengo, nachinunkhiza.

"Ndani amadya utomoni pamudzi pano?"

Onse adayang'ana kumbali.

"Chabwino. Kuyambira lero m'mwala wanga mulowa madzi okha. Ndikhala pano ndekha, ndione wobwera ndi zonyansa zake."

Adayala kampando pambali pa chibowopo, ndipo sankachokapo kuyambira Njovu akayamba ntchito mpaka akaweruka. Poweruka Njovu ankavundikirapo mphero imene iye yekha ndiye ankatha kuisuntha.

Apa Changa adaona kuti zamuvuta, ndipo adachita chinthu chimene sadachitepo: adagwira ntchito. Adakanda utomoni wa mgoza wodzaza lichero, ndipo iye ndi Ndaziona adakhala kuseri kwa nkhokwe akuupota timikanda tating'ono ngati njere za mawere, n'kumatiyanika padzuwa. Timanja ta Changa, timene khasu lidatikana, pa ntchito iyi tidali taluso. Ndaziona ankamuyang'ana m'mbali, mtima uli mbee, chifukwa sadakhalepo naye nthawi yaitali chotere ali maso.

"Timikandati mutilowetsa bwanji amayi ali pomwepo?"

"A Njovu atilowetsa okha."

Changa adapita padziwe pamene Njovu ankatunga, nawaza timikanda tina pamadzi. Njovu adatikoka pamodzi ndi madziwo osadziwa. Tsoka lake, panjira adakumana ndi Mvuu, ndipo awiriwa adali ndi mkangano wakale wa yemwe ali ndi mphamvu. Mvuu adalankhula zambiri, Njovu akungogwedeza mutu poti chitamba chidali chodzaza. Pofika pamwala timikanda tija tidali titafufuma ngati nandolo zoviika. Njovu adayesa kupopa, osatuluka kanthu. Maso adafiira, makutu adaima, kenaka adayetsemula, ndipo zonsezo zidakathera pa Nyani amene adakweza mutu kuti afunse chachedwetsa madzi.

"Bwanji nthawi zonse ine?" adafunsa Nyani, akudzipukuta kumaso.

Kuchokera tsiku limenelo Njovu ankayamba waunguza m'madzi asanatunge. Changa adaphunzirapo kuti timikanda tiyenera kulowa touma, madzi atipeze tili kale pakhomo. Koma pakhomopo padali apongozi, ndipo masiku ankapita.

M'mawa wina masamba adayamba kugwedezeka, mphepo yozizira idalowa m'nyumba. Ndaziona adabwera kuchokera kwa amayi ake akuyenda pang'onopang'ono.

"Mwera wafika. Akuti mupinde mphasa."

"Njira yopita kwathu imadutsa pati?"

"Mukudziwa, imadutsa pamwala."

"Pamene akhala amayi?"

Ndaziona adamuyang'ana, kenaka adagwira pakamwa kuti kuseka kusamveke kunja.

Changa adathira timikanda touma m'mphasa, naipinda bwinobwino, naisenza. Adadikira kuti Njovu atsikire kumtsinje, ndipo adayamba kukwera akuyimba kanyimbo kake kaja, koma tsopano mwachisoni, kuti mkamwini ali m'njira, akupita kwawo, mwini njira apatuke komaliza. Nankhoma adatembenuka nafunda nsalu kumutu. Adali mayi wosunga mwambo, ndipo ngakhale mkamwini wothamangitsidwa amakhalabe mkamwini mpaka atatuluka m'mudzi. Changa adagwada pachibowo, napendeketsa mphasa, timikanda tikuyoyokera m'kati, iye akukweza mawu kuti kuyoyokako kusamveke. Atamaliza adadutsa, nakabisala patchire. Njovu adabwera, napopa, ndipo madzi adatenga timikanda tija kupita nato m'kati.

Nankhoma asanakhazikike bwino, nyimbo ija idamvekanso, ikuchokera mbali inayo.

"Iwe Ndaziona," adaitana ali m'nsalu, pakuti mwana wake adali chapafupi. "Amuna akowo abwereranji?"

"Akuti aiwala nkhwangwa, amayi."

"Nkhwangwa? Ali nayo?"

Changa adapita kunyumba, nadzazanso mphasa, nabwera ndi nyimbo. Ulendo uno adaonjezera ndime yotsazika nkhuku za pamudzi, iliyonse ndi dzina lake. Nankhoma adafunda, thukuta likuyenderera ngakhale kunkazizira. Atangovundukula, nyimbo idayambanso.

"Tsopano aiwala chiyani?"

"Khasu, amayi."

"Khasu limenelo adaligwirapo liti? Uwauze kuti chimene angaiwalenso tidzawatumizira."

Ndaziona adapereka uthengawo mokweza. Changa, atapenya kumbali monga mwa mwambo, adayankha molankhula ndi mkazi wake.

"Uwauze amayi kuti ndathokoza. Kwangotsala chipande chimene adandipatsa malume."

Adapita ndi kubwera mpaka timikanda tonse tidatha, ndipo nyimboyo idatalika mpaka Njovu adailoweza, n'kumaivomera ali kumtsinje. Koma m'munsi munkatulukabe madzi okhaokha. Changa adakhala patchire ndi mphasa yake yopanda kanthu, ndipo apa mantha adamugwira zenizeni. Zoiwala zidali zitamuthera. Ndaziona adabwera nakhala pambali pake.

"Bwanji sizikutheka?"

"Timikanda tija tikadali tating'ono, tikuyenda ndi madzi mumsewu muja. Tikamwa madzi tifufuma, tithinana pamene msewu wapanikizika. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nanga tikapanda kufufuma?"

"Ndiye kuti ndikupitadi," adatero Changa, ndipo sadaseke.

Dzuwa litapendeka, Nyani adafuula kuchokera m'munsi kuti madzi achepa. Patapita kanthawi adafuulanso kuti asiyiratu. Pamwamba Njovu adachotsa chitamba pachibowo akupuma movutika.

"Mayi, mwala ukukana madzi. Ndikapopa ukundibwezera."

Nankhoma adawerama, napeza kamkanda kamodzi katamatirira m'mphepete mwa chibowo. Adakafinya ndi zala, kakuterera, ndipo adazindikira zimene zinkachitika kumsana kwake tsiku lonse. Adaimirira atapsa mtima, koma wolakwayo sakadatha kumuyang'ana, choncho adakalipira mtengo umene udali patsogolo pake.

"Ndaziona, uwauze amuna akowo kuti andiphera mwala. Poyamba unkatulutsako madzi, tsopano ndi chiyani?"

"Ine ndaweruka," adatero Njovu. "Chitamba changa si cha ganyu yotere."

Changa adadziwa kuti msewu watsekeka, ndipo madzi aima pakhomo pa tinjira tija akuyang'ana wowakankha. Njovu akachoka tsopano, zonse zithera pomwepo. Adalankhula ali patchire, mokweza ndithu.

"Ndaziona, uwauze amayi asawakakamize a Njovu. Akula. Kale ankapopa mwala n'kunjenjemera, koma ukalamba suona nkhope. A Mvuu adandiuza kuti ganyu imeneyi angaigwire ndi mphuno imodzi."

Njovu adaima.

"Adatero Mvuu?"

"Ndaziona, uwauze a Njovu kuti sindikulankhula ndi iwo. Apite akapume."

Njovu adatsikira kumtsinje, natunga mpaka dziwe lidaphwa, nabwera pansi pakugunda. Adaika chitamba pachibowo, naponda mwamphamvu, napopa mpaka misempha ya pamphumi idaoneka. Mwala udalira m'kati. Adatunganso, napopanso. Madzi, posowa msewu wawo wakale, adayamba kudzipanikiza m'tinjira timene adali asanapondemo chiyambire.

Nyani adasuzumira m'chibowo cha m'munsi, kenaka adakumbuka zakale nasunthira pambali. Padatuluka dontho limodzi, lolemera, lochedwa kugwa. Lidatsatira lina. Kenaka mafuta adayamba kuyenderera, okhathamira, opanda madzi, ndipo mtsuko udadzaza iye akadali kukamwa yasa.

"Bweretsani mitsuko," adafuula kapitawo. "Bweretsani ndi miphika yomwe."

Mudzi wonse udathamangira kumeneko. Njovu adadzola ming'alu ya kumapazi kwake, nauza aliyense kuti akamuuze Mvuu zimene waona. Nyani ankafotokozera obwera mochedwa kuti iye adanena kale zotseka, kungoti adatseka mbali yolakwika. Changa adatenga mtsuko woyamba uja, naupereka kwa Ndaziona, Ndaziona nakautula pamapazi a amayi ake. Nankhoma adaviika chala, nadzola pamkono.

"Uwauze abweze mphasa m'nyumba," adatero. "Nkhwangwa ndi khasu zomwe."

Masiku otsatira Changa adagona tulo tokoma kuposa tonse, ndipo palibe adamunena. Koma timikanda ta utomoni n'tofewa. Madzi akatikankha kwambiri timapindika, n'kudutsa popanikizika paja, n'kukatseka pena patsogolo, mpaka tsiku lina timatulukira m'munsi. Nankhoma adaona timikanda tikuyamba kugwera mumtsuko, madzi akubwereranso pang'onopang'ono, ndipo adamvetsa kuti mwalawu udzafuna timikanda tatsopano nthawi ndi nthawi. Adafulula mowa, naitana mudzi wonse, natuma Ndaziona kuti akadzutse mwamuna wake.

Changa adabwera akuyimba monga mwa masiku onse. Koma Nankhoma sadatembenuke. Adakhala tsonga, nsalu ili paphewa, chikho cha mowa chili m'manja. Changa adaleka kuyimba, ndipo adayang'ana pansi.

"Dzutsani nkhope, apongozi," adatero Nankhoma, ndipo aka kadali koyamba kumulankhula. "Mwatibwezera mafuta, ndipo mwana wanga wasiya kulira. Imwani chikho ichi, inenso ndimwa. Kuyambira lero chipongozi chatha, ndinu mwana wanga wobala ndekha."

Anthu adalulutira. Changa adalandira chikhocho ndi manja awiri namwa, chifukwa ulemu wotere akamwini ena amaupeza imvi zitamera. Adayang'ana Ndaziona, namuona akumwetulira, ndipo adadziwa kuti pamudzi pano sadzachokanso. Adakondwa kwambiri.

"Zikomo, amayi," adatero. "Ndilibe mawu."

"Musavutike, mawu ndili nawo ine. Mwana wanga ndimamudzutsa ndekha. Mawa m'mamawa ndibwera kudzagogoda, tikakande utomoni, ndipo ndidzakhala pambali panu mpaka lichero litadzaza."

Changa adatsamwa mowa.

"Nanga nyimbo ija, amayi?"

"Muziyimba, ndi yokoma," adatero Nankhoma. "Ndizimvera ndikukuyang'anani."

Yathera pamenepa nthano yanga. Amene adakwirira mbatata paphulusa akafukule, isanapserere.